Moni wa Atate Umene Ndinadula

Ngungu, Kabwe
Loweruka, 14 Juni 2025

Okondedwa ba sisi Dainess,

Ndikudziwa kuti mwayamba kale kuseka poona kalata yolemba pamanja, ngati tabwerera m'masiku amene munkalembera alamu a Moffat mawu okoma n'kumawabisa m'buku la nyimbo. Sekani ndithu. Ndayesa katatu kukujambulirani mawu pa foni, koma ndikafika pakati pa nkhani mawu amandikanirira, ndiye ndimangofufuta. Ndikamaliza kulemba ndijambula tsamba ndi tsamba n'kukutumizirani lero lomwe, chifukwa nkhani yake si yodikira basi ya ku Lilongwe.

Muli bwanji kumeneko ku Kawale? Ife kuno tili bwino, kungoti Juni wa chaka chino wabwera ndi mkwiyo. M'mawa madzi a m'ndowa amaluma, ndipo alamu anu a Zephaniah ayamba kunena kuti kusamba tsiku ndi tsiku ndi mwambo wa anthu opanda ntchito. Mwana wathu Keziah wazula dzino lina, akungomwetulira aliyense kuti aone mpatawo.

Lachinayi madzulo munandifunsa chifukwa chake vidiyo yanga yasowa pa intaneti pamodzi ndi voti yanu, ine n'kukuyankhani kuti ndi netiweki. Ndinanama, sisi. Vidiyo ija ndinaichotsa ndekha. Ndinawalakwira Atate, ndipo mbali ina ya mlanduwo ikukhudza inu. Ndiloleni ndiyambire pachiyambi, chifukwa tsiku lija ndinangokutumizirani linki n'kunena kuti voterani, osakufotokozerani kuti mukuvotera chiyani.

Mukudziwa kuti ndikuchita maphunziro a masitala ndikugwirabe ntchito, ndipo kafukufuku wanga ndi wa kaphunzitsidwe ka sayansi. Chimene chinkandisowetsa mtendere kusukulu kwathu ku Nakoli ndi phunziro la mmene zinthu zimalirira. Ana anga a Giredi 9 amaloweza pamtima kuti liwu limabwera chinthu chikamanjenjemera, amaliimba ngati vesi la ku Sande sukulu. Koma ukawafunsa chifukwa chake botolo lopanda kanthu limalira mosiyana ndi lodzaza madzi, onse amayamba kufunafuna cholembera pansi pa desiki. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikujambula mafunde pa bolodi, choko n'kumangotha.

Nzeru inandipeza pa msika wa Katondo, tsiku lina nditawaperekeza Atate kukagula mphika. Inu mukuwadziwa. Sadutsa khoma, thanki kapena vwende popanda kugogoda ndi chala n'kupendeketsa mutu. Tili ana tinkachita nazo manyazi, inu mpaka munkayenda patsogolo ngati simukuwadziwa. Tsiku limenelo anagogoda miphika isanu, wachisanu ndi chimodzi n'kunena kuti uwu uli ndi mng'alu m'kati. Mayi wogulitsa anakana kwamtuwagalu, koma atathiramo madzi mphika unayamba kuchucha. Ndinaima pomwepo ndikudzifunsa kuti ndakhala ndikuvutikiranji pamene mphunzitsi weniweni wa phunziroli ndimamugulira shuga mwezi ndi mwezi. Zaka makumi awiri ndi zinayi mumgodi ntchito yawo inali yomweyo: kulowa patsogolo pa anzawo miyala ikaphulitsidwa, kugogoda denga ndi mgwala, chitsulo chachitali chija chimene chikadali kuseri kwa chitseko, n'kumvetsera. Thanthwe lolimba limalira kuti ngwee, lothetheka m'kati limalira ngati ng'oma yonyowa, ndipo limenelo ankaligwetsa lisanagwere munthu.

Ndinawapempha kuti azibwera m'kalasi mwanga Lachiwiri lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi. Poyamba anakana, ati munthu wa Sitandade 3 sangaime pamene pamaima amadamu. Koma tsiku loyambalo anafika ine ndisanafike, mgwala uli paphewa. Anandifotokozera monyadira kuti kondakitala wa minibasi anawafunsa kuti, "Ba shikulu, iyi nsimbi muyenda kumenya nayo ndani?" Iwo n'kumuyankha kuti, "Ndikupita kukaphunzitsa, sendera uko."

Sisi, mukanaona! Ana anagogoda mabotolo, njerwa, madesiki, ndi mitu ya anzawo yomwe. Atate ankawauza kuti atseke maso, aike dzanja limodzi pa chitsulo kuti amve kunjenjemera, kenako anene chimene chili m'kati. Mlungu wachinayi anawo anapeza okha kuti pansi pa simenti ya pakona pa kalasi pali mphako, ndipo titaswa tinapezamo chiswe. Pa ana 52, amene ankatha kufotokoza phunziroli m'mawu awoawo poyamba anali 14 basi. Pomaliza anali 41.

A Dokotala Christabel, amene amandiyang'anira pa kafukufukuyu, ataona zimenezi anati ndilowe m'chionetsero cha pa intaneti. Aphunzitsi ndi ofufuza a m'mayiko ambiri amaikamo mavidiyo afupiafupi onena za ntchito yawo. Kwa milungu iwiri anthu amaonera, kufunsa mafunso m'munsi mwake, n'kuvotera imene yawakomera, ndipo atatu amene apeza mavoti ambiri amaitanidwa kumsonkhano wa aphunzitsi ku Nairobi. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: vidiyo ikhale ya mphindi zitatu, osapitirira ngakhale ndi sekondi imodzi. Ine Nairobi ndinaifuna, sindikubisirani. Ndege ndimangoionera m'mwamba, ndipo ndinali nditayamba kale kuganizira nsapato zovala pokwera.

Tsiku lojambula Atate anabwera atavala suti yakuda ija ya pa mgonero, nsapato zitapukutidwa mpaka kuwala. Amene anagwira foni ndi a Patrick, mnzanga wophunzitsa makompyuta. Pofuna kuwalimbitsa mtima ndinawauza kuti, "Atate, izi anthu a dziko lonse aziona, ngakhale ku Malawi." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, anagoneka mgwala pansi, anawomba m'manja mwaulemu moyang'ana foni ija, n'kuyamba kupereka moni.

Ine makutu ndinatsekera pomwepo. Moni wa Atate ndaumva kuyambira ndili kumsana: pa ukwati, pa maliro, pa msonkhano wa akulu a mpingo, ngakhale pogula makala. Ndinaima kumbuyo kwa a Patrick ndikuwazunguzira chala kuti afulumire, maso ali pa manambala amene ankathamanga pa foni. Pamene ankatola mgwala kuti ayambe ntchito, panali patapita mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi. Pa mphindi zanga zitatu, sisi! Ndinangodziuza kuti palibe vuto, lumo lilipo.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro tinakhala m'chipinda cha makompyuta kuti tilumikize zidutswa.

"Ba Fridah, iyi greeting yatalimpa maningi," anatero a Patrick. "Tijubeko chabe pakati, poyamba na potsiriza tisiye."

"Jubani yonse," ndinatero, kuwauza kuti adule moni wonse.

"Yonse? Manje pansi apa tilembe kuti ni ndani?"

Ndinawauza kuti alembe m'Chingerezi kuti "wogwira ntchito mumgodi kale". A Patrick anandiyang'ana pang'ono, koma analemba. Kuyunivesite kuli lamulo loti dzina la munthu wothandiza pa kafukufuku libisidwe pokhapokha mwini wake atalola, ndiye ndinabisala kuseri kwa lamulolo. Koma lamulolo limati ufunse, ndipo ine Atate sindinawafunse.

Apa ndi pamene mawu amandikanirira pa foni. Nthawi inali yochepa, inde. Koma ine ndinadzisungira masekondi makumi asanu ndi asanu, nditavala wigi imene munanditumizira pa Khirisimasi, ndikuloza magirafu m'Chingerezi chimene ndinayeserera pagalasi mlungu wonse. Ndinkaopa kuti aprofesa akunja akaona nkhalamba ikuwomba m'manja, ikulankhula Chichewa chosakaniza ndi mawu a kumgodi, anena kuti awa ndi magule, si kafukufuku. Ndipo pansi penipeni pa mtima sindinafune kuti adziwe kuti ndi bambo anga, kuopa angati mphunzitsiyu anangotola munthu wa pakhomo. Ndinachita nawo manyazi, sisi, monga tinkachitira tili ana, kungoti ine ndili ndi zaka 36 ndipo ndinkadya nzeru zawo.

Chionetsero chinatsegulidwa Lolemba pa 2 Juni. Vidiyo inayamba kuthamanga. Aphunzitsi anzanga anavota, amayi a chigwirizano anavota, inu munavota n'kulemba kuti mukundinyadira. Anthu a m'mayiko amene sindidziwa n'komwe kuti ali mbali iti ankalemba kuti nkhalambayo ili ndi makutu odabwitsa. Pofika Loweruka ndinali ndi mavoti 312, pa nambala yachiwiri. Ndinkayenda ndi foni m'manja ngati mwana wakhanda, osakumbuka kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Atate anali asanaione. Kafoni kawo n'kamabatani kaja, ndipo ine ndinkangowauza kuti ndidzawaonetsa ndikapeza mpata. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, akulu a mpingo anaima pakhoma kuothera dzuwa, ife amayi tili chapafupi. A Sailas, mkulu uja wa mawu onga bingu, anatulutsa foni yawo yaikulu n'kuitana anzawo kuti adzaone a Kwenda atchuka. Onse anaunjikana. Ine ndinkayang'ana nkhope ya Atate. Anakonza jekete, akumwetulira ngati mkwati.

Vidiyo ija imayamba ndi dzanja lawo likumenya khoma ndi mgwala. Palibe odi, palibe dzina.

"Bwezerani kumayambiriro," anatero Atate. "Foni yanu yalumpha."

A Sailas anabwezera. Linabweranso dzanja lomwelo ndi khoma lomwelo.

"A Kwenda," anatero a Sailas akuseka, "mwayamba liti kulowa m'nyumba za anthu popanda odi? Nanga apa alemba kuti wogwira ntchito mumgodi kale. Dzina munalisiya pansi pamene ankatseka mgodi?"

Anaseka onse, ndipo sikuti ankanyoza, kunali kucheza kwa madoda. Atate nawonso anasekako pang'ono. Anaonera mpaka pamapeto, mpaka pa wigi yanga ndi magirafu anga ndi dzina langa lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu. Kenako anavala chipewa n'kuyamba ulendo wa ku Katondo okha, osandidikira monga amachitira.

Chimwalirireni Amayi, m'mawa uliwonse ndimatsika minibasi pa Katondo kuti ndiwaone ndisanakwere ya ku Nakoli. Moni wake umatenga mphindi khumi. Amafunsa za a Zephaniah, za ana mmodzimmodzi, za nkhuku, za ahedi, ndipo ndakhala ndikudandaula kwa inu kangapo kuti amandichedwetsa. Lolemba ndinawapeza ali pampando panja, atavala chikhoti chawo chachikulu. Ndinagwada monga mwa masiku onse.

"Mwadzuka bwanji, Atate?"

Anayang'ana wotchi yawo. "Nenani chimene mwadzera, amadamu. Mphindi zikutha."

Amadamu! Ine, amene anandisenza paphewa kupita nane kuchipatala ndili ndi chikuku. Akanandikalipira zikanakhala bwino, akananditukwana ndikanalira n'kutha. Koma iwo anangondipatsa chimene ndinasonyeza kuti ndikufuna. Ndinakwera minibasi n'kufika kusukulu nthawi yabwino kwa nthawi yoyamba chaka chino, ndipo sindinadye tsiku lonse. Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Limenelo ndi tsiku limene ankabwerabe kudzaona ana ngakhale kafukufuku anatha, koma sanabwere, ndipo ana atandifunsa ndinawauza kuti agogo ali ndi chimfine.

Lachitatu ndinagwada osadzuka. Ndinawafotokozera za lamulo la mphindi zitatu, za lamulo lobisa mayina, za mavoti, za Nairobi. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Za mphindi zitatu ndamva," anatero. "Kumgodi nakonso kunali belu, ndipo sitinkachedwa. Koma pansi paja, munthu asanakhudze thanthwe ankayamba wafuula dzina lake, kuti amene ali mumdima adziwe kuti wafika ndani. Iwe wandilowetsa m'nyumba za anthu mazanamazana ngati wakuba, n'kundiyambitsa kugogoda makoma awo."

"Atate, anthu akunja sasamala za moni."

"Ine ndine wakunja?"

Anayang'ana manja awo, kenako anafunsa ndi mawu otsika.

"Ndikufunse chimodzi, Fridah. Zimene unadulazo unazimva?"

Ndinafuna kunena kuti inde, koma likanakhala bodza. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndinali nditadula chinthu chimene sindinachimvetsere ngakhale kamodzi, ine amene ndikulemba buku lonse lophunzitsa ana kumvetsera.

Pa nthawi ya bureki ndinapempha a Patrick vidiyo yosadula, ndinakadzitsekera m'kachipinda kosungira zida za sayansi, n'kuika timahedifoni m'makutu. Ndakulemberani mawu awo onse monga anawalankhulira, chifukwa tsopano ndawaloweza.

"Odi, odi kumeneko, nonse amene mukuona. Muli bwanji? Ife kuno ku Kabwe tadzuka, kaya inu anzathu. Ine ndine Saulos Kwenda, mwana wa a Chikomeni Kwenda, amene anachoka kwa Chamthunzi tsidya la Linthipe ndi miyendo kudzakumba mtovu kuno. Zimene muone pano si nzeru zanga. Anandiphunzitsa ndi malemu a Bwezani, amene anandigwira khutu ndili mnyamata n'kunena kuti thanthwe limalankhula lisanagwe. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 3. Koma mphunzitsi amene waima kumbuyo uko, akundizunguzira chala kuti ndifulumire, ndi mwana wanga wotsiriza, Fridah, ndipo lero ndaima m'kalasi mwake. Amayi ake akanakhalapo bwenzi akululutira. Wandiuza kuti izi zifika mpaka ku Malawi. Ngati ndi zoona, Dainess, mwana wanga woyamba, uli bwanji ku Kawale? Bondo lija linapola? A Moffat ndi adzukulu anga ali bwanji? Zaka zinayi sunabwere kuno, ndiye lero ndabwera ndine. Chabwino, tiyambe ntchito."

Ndinalira, sisi, pakati pa mabotolo a asidi ndi chigaza cha pulasitiki, mpaka belu linalira kawiri. Iwo anaima pamaso pa dziko lonse kunena kuti uyu ndi mwana wanga, ine n'kulemba pansi pa nkhope yawo kuti wogwira ntchito mumgodi kale. Ndipo mukudziwa kuti pa foni salankhula zambiri, amati mawu a pa waya ndi a uthenga wa maliro. Kwa iwo vidiyo ija unali ulendo. Anavala suti kuti abwere kwanu, ndipo ine ndinawatsitsa panjira.

Chionetserocho chimalola kusintha vidiyo, koma ukasintha yakaleyo imachoka ndi mavoti ake onse, yatsopano n'kuyambira pa ziro. Tsiku limenelo ndinali ndi mavoti 406, ndikadali wachiwiri, ndipo kunali kutatsala masiku asanu. Nditawauza a Patrick kuti ndikufuna kuisintha, anagwira m'mutu.

"Ba Fridah, mwafunta? Nairobi muitaya chabe so? Ikani greeting pa ma comments, ba shikulu sibazaziba kusiyana."

A Dokotala Christabel ananena zomwezo m'mawu aulemu. Anati ndidikire chionetsero chithe, kenako ndiike vidiyo yaitali kwina kulikonse kumene ndikufuna, Atate akhale ndi mphindi khumi ngati akufuna. Anandikumbutsanso kuti dzina la yunivesite lili pamenepo ndiponso kuti mwayi wotere subwera kawiri. Sanalakwe, ndipo ndivomere kuti ndinagona nayo nzeru imeneyo. Ndinadziuza kuti ndikapita ku Nairobi ndikawatchula Atate pamaso pa anthu, ndikawagulira chipewa. Koma Lachinayi m'mawa nditagwadanso n'kuwaona akutulutsa wotchi, ndinadziwa kuti moni woperekedwa mlendo atatuluka kale m'nyumba si moni. Sindikanatha kukhala masiku ena anayi ndikutchedwa amadamu.

Tinaisintha tsiku lomwelo. Moni wonse tinaubwezera, a Patrick n'kuika mawu a Chingerezi m'munsi kuti akunja amve. Zinatsala mphindi imodzi ndi masekondi makumi awiri. Kugogoda kwawo ndi kwa ana sindikanakhudza, chifukwa ndiye kafukufukuyo. Chimene chikanachoka ndi ine. Wigi yanu, sisi, dziko silidzaionanso. Magirafu onse analowa m'chiganizo chimodzi cholembedwa, cha masekondi khumi ndi asanu. Pansi pa nkhope yawo tinalemba kuti "Saulos Kwenda, bambo anga". Pamene ndinkakanikiza batani lochotsa yakale ija, a Patrick anatembenuka kuyang'ana kukhoma ngati tikupha mbuzi yawo.

Pano ndili ndi mavoti 58, ndipo dzina langa muyenera kulifunafuna kumunsi kwenikweni. Pulofesa wina wafunsa kuti njira ya kafukufuku ili pati popeza theka la vidiyo ndi malonje, ndamuyankha m'munsimo ndi ndime zitatu. A Dokotala Christabel akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Ndikanena kuti sizikundiwawa ndiye kuti ndanamanso. Zikundiwawa, makamaka ndikaona amene anali wachinayi atalowa pa atatu opita ku Nairobi m'malo mwanga.

Lachinayi lomwelo nditaweruka ndinapita nayo foni ku Katondo. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anaonera kuyambira pa odi mpaka pamapeto, n'kunena kuti ndibwezere. Ataonera kachiwiri anandibwezera foni.

"Tayi inapendama," anatero. "Unalephera kundiuza?"

Ndinapita kunyumba osadziwa ngati ndakhululukidwa kapena ayi. Dzulo m'mawa ndinatsika pa Katondo mtima uli m'mwamba, ndinagwada, n'kupereka moni. Wotchi sanaiyang'ane.

"Ndadzuka, mwana wanga, kaya iwe? A Zephaniah adzuka bwanji? Keziah dzino lija layamba kumera?"

Anafunsa za nkhuku imodziimodzi, za ahedi, za ana a Giredi 9, mpaka za chiswe cha pakona chija. Minibasi zitatu zinadutsa ndikuziona. Kusukulu ndinapeza ahedi atalemba kale mzere wofiira m'buku la ochedwa, ndipo ndinasaina pansi pake ndikumwetulira ngati wopenga.

Pali china chimene sindinkayembekezera. Anthu ayamba kuyankha moni uja. Mphunzitsi wina wa ku Ghana analemba kuti nawonso adzuka bwino ndipo anatchula dzina la bambo ake ndi mudzi wawo. Mayi wina wa ku Philippines anapereka moni kwa malemu a Bwezani. Wina wa ku Zomba analemba m'Chichewa kuti, "Lowani, bambo, takulandirani." Dzulo madzulo ndinakhala nawo pakhonde ndikuwawerengera, ndipo aliyense anafuna kumuyankha payekha, kumufunsa za kunyumba ndi za mvula ya kwawo. Zala zinandipweteka. Titamaliza anafunsa kuti, "Onse ndi amenewa?" Ndinati inde.

"Dainess sanalembe?"

Ndinawauza kuti netiweki ya ku Lilongwe ikuvuta. Limenelo ndi bodza lachitatu mlungu uno, ndipo kawiri konse ndanamizira netiweki yosalakwa. Iwo anangoti, "Mwina ali pa ntchito," n'kuyang'ana kumsewu. Lero m'mawa afunsanso, ndipo ayankha okha kuti mwina bondo lija likuvutabe.

Choona n'chakuti linki yatsopano sindinakutumizireni. Yoyamba ija munaiona, ndiye mukanaona yachiwiriyi mukanadziwa nthawi yomweyo chimene ndinadula, ndi amene ndinawadula. Ndinakuopani inu kuposa aprofesa onse a dziko lapansi. Ndinu amene munandilera Amayi akamapita kukagulitsa pamsika, ndinu amene munandiphunzitsa kugwada popereka madzi, ndipo sindinafune kuti mudziwe kuti masitala andisandutsa chotere. Koma chifukwa cha mantha angawo nkhalamba ikuganiza kuti inafika pakhomo pa mwana wake woyamba, n'kunena odi, mwanayo n'kukhala chete. Zimenezo sindingazisenze tsiku lina.

Linki ndiitumiza pamodzi ndi masamba awa. Chionetsero chitsekedwa Lolemba masana, ndipo akatseka palibe amene angalembenso. Voti musavutike nayo, sipangasinthe kanthu. Chimene ndikupempha n'chakuti mulembe m'munsi mwa vidiyomo, pamene alemba enawo, osati kuwaimbira foni, chifukwa iwo akudikira pakhomo pamene anagogoda. Lembani m'Chichewa, ndipo musafupikitse monga mumachitira ndi ine. Auzeni za bondo mwachilungamo, za a Moffat, za ana. Ngati mungathe kunenapo za tsiku limene mudzabwere, nenani, koma musalonjeze chimene simungakwanitse, chifukwa adzalemba pa kalendala.

Tsopano moni, ndipo sindidulapo kanthu. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Moffat, muwauze kuti nyemba zimene anatumiza zinamera zonse. Moni kwa Mphatso, alimbikire mayeso ake, ndipo akavutika ndi sayansi adziwe kuti ali ndi agogo ake. Moni kwa Tracy, mwana wanga wamanyazi, amene chithunzi chake cha pa ubatizo chili pakhoma ku Katondo pafupi ndi cha Amayi. Moni kwa apongozi anu, Mulungu awapatse mphamvu m'miyendo, ndi kwa anansi anu amene anandisungira malo pa ukwati uja. A Zephaniah akupereka moni ali m'bulangete. Keziah ndi mlongo wake akuti amayi aakulu abwere ndi chiponde. A Patrick, ngakhale simukuwadziwa, ati ndikuuzeni kuti ali ndi mng'ono wanu wamutu wouma kusukulu kwawo ndipo atopa naye.

Wa Atate wokha sindikulemba muno ngati uthenga wopatsira. Ndinauba kamodzi, sindiugwiranso. Akupatsani okha, ndi mawu awo, ndipo akhala ataima pakhomo panu kuyambira Lachinayi. Atsegulireni, sisi. Ine mudzanditukwane pambuyo pake, ndidzagwada n'kumvetsera mpaka mutamaliza.

Ndine mng'ono wanu wolakwa, koma wokukondani kwambiri,

Fridah